DJ Thabuzolo Watsikira pa Bangwe

Usiku wathawu Layisoni analota, ndipo lero pamsika wa Bangwe palibe amene wapuma nawo malotowo. Aliyense wobwera kudzabenetsa nyimbo akuyamba wamvera kaye maloto, nyimbo pambuyo. Koma kuti malotowo amveke bwino, tiyambe tanena za bodza limene mwiniwakeyo anagona nalo.

Layisoni ndi uja wa kashopu kobiriwira pafupi ndi ogulitsa makala, amene amabena nyimbo m'mamemore ndi m'mafulashi. Anzake pantchitoyi amangokuthirirani zilizonse, koma iye amakusankhirani. Pakhomo pake pali bolodi lakuda pamene Lolemba lililonse amalembapo ndi choko nyimbo zisanu zatsopano za chamba chovina cha hausi zimene zamugwira mtima. Nkhope yake si yoti munthu n'kuicheukira kawiri, koma paja amati ukaipa dziwa nyimbo, ndiye iye anazidziwa zenizeni. Madalaivala a minibasi amamukhulupirira kuposa makaniko wawo.

Kunyumba amakhala ndi mchemwali wake wamkulu, Ndaziona, telala amene amasokera pakhonde ndi makina opalasa amene anasiya malemu mayi awo. Ndaziona ameneyu anapeza laputopu yakale, n'kujambula kulira kwa makina ake pafoni, n'kuikako besi ndi tina n'tina mpaka inatuluka nyimbo. Masabata atatu apitawo anaipereka kwa mlongo wake kuti aziwapatsako anthu. Layisoni ataimva tsitsi linamuimirira, chifukwa chaka chonsechi anali asanamve nyimbo yokoma chotero. Masiku atatu anayesetsa. Akati, "Iyi ndi ya achemwali anga," makasitomala amati, "Za pa Bangwe pompano? Ayi aise, usandithere malo m'memore." Lachinayi anapsa mtima, n'kufufuta dzina la Ndaziona pakompyuta ndi pabolodi pomwe, n'kulembapo dzina longolitola m'mutu: DJ Thabuzolo, wa ku Joni. Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo nyimbo ija inaphulika mwakuti lero palibe minibasi ya ku Limbe imene siikuiliza.

Madzulo alionse Ndaziona amafunsa kuti, "Nyimbo yanga ija anthu akuti bwanji?" Layisoni amayankha akuyang'ana m'mbale kuti, "Pang'onopang'ono, achemwali, azolowera." Tsono dzulo Ndaziona, munthu wosakwerakwera minibasi, ananena kuti mawa akupita ku Limbe kukagula nsalu ndipo Layisoni amuperekeze. Layisoni anagona mtima uli m'mwamba.

Ndiye akuti anangoona ali pashopu pake dzuwa lili paliwombo, pamzere pali mamemore okhaokha, atavala timapatapata, aliyense atayasamula kukamwa ngati ana a mbalame. Layisoni sanadabwe n'komwe. Anatenga chipande n'kuyamba kutunga nyimbo m'kompyuta, chifukwa m'malotomo nyimbo zinali zamadzimadzi.

"Ine ndikufuna yogwedeza," anatero memore woyamba, kamunthu ka magiga awiri koma mawu ngati a sajeni.

"Wafika kwawo kwa zogwedeza!" anatero Layisoni. "Landira iyi ya ku Durban, yatuluka sabata yathayi. Poyamba imakunamiza ngati ya kutchalitchi, ndiye besi ikagwa, impso zimasinthana malo. Usaimvere utangodya kumene."

Memore uja anameza, n'kuyamba kunjenjemera mpaka patapata limodzi linavuka. Wachiwiri anali fulashi yachikazi yovala duku, yoti ikupita ku chinkhoswe ndiye ikufuna zofatsa. Layisoni anaitungira ya mtsikana wa ku Maputo amene amaimba liwu limodzi lokha kwa mphindi zisanu ndi ziwiri, koma akamamaliza iwe umakhala utakhululukira adani ako onse. Wina anamuthirira ya ku Jeremani yopanda woimba, makina okhaokha, imene Layisoni amaitcha chigayo chopita ku yunivesite. Wina ya anyamata awiri a ku Nairobi, yokhala ndi kamluzu kamene kamakutsata mpaka kubafa. Amatunga akuvina, thukuta lili kamukamu, ndipo anali wosangalala kotheratu, chifukwa palibe chimene chimamukomera Layisoni ngati kuona nkhope ya munthu nyimbo yabwino ikamulowa koyamba.

Mwadzidzidzi choko chinatsokomola pansi pa bolodi.

"Achimwene," chinatero, "taonani mmene ndafupikiramu. Mayina oona ndimalemba osamva kanthu, koma lija la pa nambala wani linandidya theka lathunthu."

"Khala chete iwe, pali makasitomala," anatero Layisoni, n'kuchiponya m'thumba la malaya.

Ndiye sipika yaikulu ya pakhomo inadzikonza kukhosi n'kufuula kuti, "Nambala wani! Tipatseni nambala wani!" Mamemore onse anavomereza, "Nambala wani!" Layisoni anakweza voliyumu mpaka kumapeto, ndipo inayamba mmene imayambira muja: tiki-tiki-gu, tiki-tiki-gu, yokhayokha, kenaka kamphepo pamwamba, kenaka zii pang'ono, kenaka besi n'kugwa. Msika wonse unanyamuka. Tomato anatsika pamabenchi n'kupanga bwalo. Matumba a makala ankadumpha mpaka fumbi linachita kobo. Mathalauza a kaunjika ankathyola dansi opanda miyendo m'kati, ndipo nkhuku zomangidwa miyendo zinkangovina ndi makosi. Layisoni anakwera pamwamba pa tebulo akukuwa kuti, "Ndinakuuzani ine! Chaka chino palibe ina!"

Mwadzidzidzi basi yaikulu ya ku Joni inatulukira pakati pa msika, ikukoka ngolo ya katundu, n'kudutsa pabwalo la tomato lija osaphwanya ndi mmodzi yemwe. Chitseko chinatseguka. Anatsika munthu wamtali, atavala majekete atatu pa kutentha konseko, bulangete paphewa, magalasi akuda kumaso. Kuseri kwa magalasiwo kunalibe nkhope, kunali bolodi lakuda lofufutidwa mosasamala. Munthuyo analunjika kwa Layisoni atatambasula manja.

"Ababa!"

"Pepani akulu, mwasokoneza," anatero Layisoni. "Ine mwana ndilibe."

"Ndine Thabuzolo. Munandibereka Lachinayi, cha m'ma teni koloko."

"Nanga wa ku Joni ukuyankhula bwanji Chichewa cha pa Bangwe?"

"Chizulu simunandipatse, ababa. Inunso simuchidziwa. Munangondipatsa yebo, eya wawo uja, ndiye ndikumusunga kuti ndidzamugwiritse ntchito pa tsiku lalikulu."

Anthu atangomva dzinalo, msika unasokonekera ndi nthungululu. Madalaivala anasiya minibasi zikulira n'kudzamunyamula pamapewa. Amayi ogulitsa nthochi ankamupatsa mikoko yathunthu. Thabuzolo ankangogwedeza dzanja, ndiye ali m'mwambamo anawerama n'kunong'oneza Layisoni kuti, "Ndatopa ndi ulendo. Tiyeni kwathu mukandionetse makina anga."

Ndiye anangoona ali kale kunyumba, osadziwa kuti adutsa njira iti. Thabuzolo anali atakhala pampando wa Ndaziona pakhonde, nsapato zake zazikulu zili pa chopondera cha makina. Amayi obwera kudzatenga madiresi ankagwada n'kumati, "A Thabuzolo, diresi langa lija latha?" Ndaziona analipo ndithu, ataima pambali ndi tepi yake m'khosi, koma anali atasuluka ngati chitenje chochapidwa zaka khumi. Khoma linkaonekera kudzera mwa iye. Anatsegula pakamwa, ndipo mawu ake anatuluka otsika ngati wina wamuchepetsera voliyumu.

"Layisoni, nyimbo yanga ija anthu akuti bwanji?"

Layisoni anafuna kuyang'ana m'mbale, koma mbale panalibe. Apa m'pamene makina osokera anatukula mutu wake wachitsulo n'kumuyang'ana ndi kadiso ka singano.

"Iwe mwana iwe," anatero makina, ndipo mawu ake anali ofanana ndi a malemu mayi awo akakwiya. "Kabudula wako wa sukulu ndinasoka ndine. Utang'amba pokwera mpanda, ndinasokanso ndine. Mayi ako anali atapita kale nthawi imeneyo. Tandiuza, ankandipalasa ndani?"

"Achemwali."

"Nanga chimphona ichi chikundipweteka ndi nsapato zake n'cha kwa yani?"

"Ndimafuna nyimbo iyende basi," anatero Layisoni. "Ndi dzina la achemwali anthu amaikana. Ndinachita kuti imveke."

"Yamveka. Tsono mwiniwake ndi uyo akutha. Thamanga ku Ofesi ya Mayina Otayika ukatenge dzina lake minibasi ya ku Limbe isanadzaze. Ikangodzaza, amene adzakusokere malaya a ukwati ndi mwana wakoyu."

Mantha anamugwira Layisoni, ndipo analiyatsa liwiro la mtondo wadooka. Ofesiyo akuti inali m'kati mwa sipika yake yomwe ija. Analowera pa bowo la besi chokwawa, n'kupeza khonde lalitali lokhala ndi mabenchi, pamabenchipo patakhala mayina odikira eni ake: a amisiri amene anamanga nyumba n'kutchukira wina, a amayi amene anaphika paukwati n'kuyamikiridwa apongozi. Ena anali atamera ndevu podikira.

Pa tebulo loyamba panali mayi wa magalasi ndi diresi la madonthomadontho. Layisoni anapereka moni mwaulemu n'kufotokoza vuto lake.

"Fomu mwadzaza?" anafunsa mayiyo.

"Fomu yake iti, mayi?"

"Yopempherera fomu." Akunena choncho khosi linayamba kutalika, madontho a diresi n'kusanduka nthenga, ndipo Layisoni asanaphethire panali nkhanga itaima patebulo ikulira kuti, "Mubwere mawa! Mubwere mawa! Mubwere mawa!" Inaulukira pawindo ndi mafomu onse kukamwa.

Ndiye Layisoni anakankha chitseko cha bwana wamkulu osagogoda. Bwanayo anali bambo wa tayi wofiira, atanyamula chidindo m'mwamba. Dzanja lake linkatsika pang'onopang'ono, likapita kutsogolo n'kubwereranso m'mbuyo, diso limodzi lili pa Layisoni, lina lili pa wotchi. Tayi anasanduka wobiriwira, kenaka wachikasu, kenaka bwana yense anali bilimankhwe wavala jekete.

"Dzina lotayika?" anafunsa bilimankhwe.

"Ndaziona Chimbalanga, bwana."

"Linatayika lokha kapena munalitaya?"

"Ndinalifufuta, bwana."

"Ndi chiyani?"

"Ndi chala ichi. Pabolodi ndinagwiritsa ntchito mkono wa malaya."

"Ndi zoona, ndinalipo," chinatero choko m'thumba muja.

Bilimankhwe anaponya lilime lake mpaka ku kabati ya kumapeto kwa chipinda, n'kubwera ndi envulopu ya khaki. M'katimo munali fumbi la choko lokwana supuni imodzi.

"Dzina lanu ndi limeneli. Koma lamulo la ofesi ino likuti chofufutidwa ndi chala chimabwezedwa ndi pakamwa, pagulu, pamaso pa amene munawanamiza. Ine ntchito yosintha mtundu ndimaidziwa, achimwene, ndinabadwa nayo. Koma ngakhale ine sindinasinthepo mtundu wa mlongo wanga." Atatero chidindo chija chinafika pansi, phwa!

Mwadzidzidzi Layisoni anali m'minibasi, pampando wakumbuyo, envulopu ili m'manja. Msewu wa ku Limbe unali nsalu yaitali yakuda, ndipo minibasi inkaisoka ikamayenda, kusiya ulusi woyera pakati. Woyendetsa anali Che Anubi, kasitomala wake wa Lolemba lililonse. Kondakitala anali mbuzi ya kapusi, itatulutsa mutu pawindo ikukuwa kuti, "Mmodzi wotsala! Mmodzi yekha idzaze!" Kutsogolo, pampando wa alendo olemekezeka, kunali Thabuzolo akudya nthochi zake. Pambali pa Layisoni panali Ndaziona, atasuluka mwakuti chimene chinkaoneka bwino ndi tepi ya m'khosi yokha.

Che Anubi anayatsa wailesi. Tiki-tiki-gu, tiki-tiki-gu. Minibasi yonse inayamba kuvinira pansi, mapewa okhaokha chifukwa cha kuthithikana. Agogo ena a dengu la mazira ankamenya dengulo ngati ng'oma. Mwana wa kumsana ankagwedeza mutu motsata biti. Ngakhale Layisoni, mantha ali tho, phazi lake linkamupandukira n'kumaponda lokha, chifukwa nyimbo ija ndi yovuta kuikana.

"Anthu a ku Joni ndi ena, amangwetu!" anakuwa Che Anubi akumenya chiwongolero. "Layisoni, udalitsike potipezera munthu ameneyu!"

Ndaziona anakodola kondakitala ndi chala chosaoneka bwino. "Achimwene, nyimbo imeneyi ndi ya ndani?"

Mbuzi ija inatsegula pakamwa kuti iyankhe. Kutsogolo, pasiteji, munthu mmodzi anali ataimika kale dzanja, wotsala uja. Layisoni anathira fumbi la mu envulopu m'kamwa kuti akuwe, koma atangothira milomo yake inapezeka itasokedwa ndi ulusi wakuda, msoko wabwino wobwereza kawiri. Anapapasa mpaka anapeza kansonga, n'kukoka. Ulusi unabwera, n'kubwerabe, mamita ndi mamita, ndipo anaona kuti mbali inayo ukuchokera ku jekete la Thabuzolo. Akakoka, jekete limasosoka. Loyamba linatha, lachiwiri linatha.

"Ababa, mukundivula pagulu!" analira Thabuzolo.

Minibasi inayamba kuima. Mbuzi inagwira chitseko. Layisoni anakoka komaliza ndi manja onse awiri, milomo n'kumasuka, ndiye anaimirira mpaka mutu unaboola denga.

"Ndi ya achemwali anga! Nyimbo imeneyi ndi ya Ndaziona! Ndaziona Chimbalanga wa pa Bangwe, kuseri kwa mjigo! Mukumvazo ndi makina a mayi athu! Thabuzolo kulibe, ndinamupeka ndine!"

M'minibasi munagwa zii, pamalo penipeni pamene nyimbo ija imakhala zii. Thabuzolo anacheuka, anavula magalasi, n'kuyang'ana Layisoni ndi bolodi lake lopanda kanthu.

"Tsiku lalikulu lija ndi lero, ababa?"

"Ndi lero, mwana wanga. Pepa."

"Yebo," anatero Thabuzolo mwaulemu, n'kugwa pampando ali bulangete lopindidwa bwino.

Ndiye besi inagwa. Akuti sinagwepo choncho chiyambire. Minibasi inanyamuka pansi ndi matayala onse anayi, n'kudutsa pamwamba pa malata a Bangwe, anthu pansi akuloza. Mazira a agogo aja anaswa anapiye amene anatuluka akuvina kale. Mbuzi inkakuwa pawindo kuti, "Ndaziona! Ndaziona mmodzi wotsala!" Che Anubi anasiya chiwongolero n'kumaimba m'manja. Layisoni atacheuka anapeza mchemwali wake wabwerera mtundu, wakuda bwino ngati kale, chitenje chake chikuwala, akuseka mpaka kuoneka kampata ka mano kamene onse awiri anatengera kwa mayi awo. Layisoni ankalira ndi kuseka nthawi imodzi, akutchulabe dzina lija kuti ndi mitambo yomwe imve.

Kenaka besi inayamba kuchepa. Kamphepo ka pamwamba kanazimirira, minibasi inazimirira, mbuzi inapita ndi kapusi yake. Kunatsala tiki-tiki-gu, tiki-tiki-gu, wouma, wopanda chokometsera, akuchokera kuseri kwa windo. Layisoni anatsegula maso. Kunja kunali kutayera, ndipo pakhonde makina ankalira monga amalirira m'mawa uliwonse. Kukhosi kwake kunali kowawa ngati munthu amene wachokera ku mpira.

Makina anaima.

"Iwe Layisoni," anaitana Ndaziona, "dzina langa ukulikuwa chonchi m'mawa uno, ndamwalira kodi?"

Layisoni anatuluka ndi bulangete paphewa, atazindikira n'kuliponya pansi msangamsanga. Anakhala pa kampando ka makasitomala, manyazi atamugwira mpaka m'zala za kumapazi.

"Achemwali, tisanapite ku Limbe pali nkhani. Nyimbo yanu ija..."

"Ya a Thabuzolo?" anatero Ndaziona akulowetsa ulusi pa singano, osamuyang'ana.

Ndaziona anakoka ulusi n'kupitiriza.

"Ndinaimva sabata yatha. Mayi wina anabwera kudzayesa diresi, foni yake n'kulira, ndiye inali imeneyo. Anandiuza kuti, 'Mukuimva iyi, atelala? Ife Amalawi zoterezi sitingazithe.' Ndinamupindira diresi lake pa makina omwewa, iye ali pamene wakhalapo iwepo, akugwedeza mutu."

"Nanga bwanji simunanene? Madzulo onse aja mumandifunsa..."

"Ndimadikira kuti unene wekha. Ku Limbe kulibe nsalu imene ndikuifuna, nsalu ndili nazo. Ndimafuna ndikakhale nawe pampando umodzi ikamalira, ndione ngati ungandiyang'ane."

"Ndinalakwa, achemwali. Ndimaopa kuti ifera m'kompyuta."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake sindinakuthire madzi uli m'tulo." Anatsegula kadirowa ka makina, n'kutulutsa choko chake cholembera nsalu, chatsopano, n'kumuikira m'dzanja. "Chako chija ndinachiona pochapa malaya, chafupika. Tenga ichi. Dzina langa ndi lalitali, ndipo ulembe lonse, ndi la bambo lomwe."

"Akakaikananso?"

"Aikane akuvina," anatero Ndaziona.

Anaika phazi pa chopondera, anakankha gudumu ndi dzanja, ndipo Layisoni akutsika masitepe ndi choko m'manja, makina anayambanso kumbuyo kwake: tiki-tiki-gu, tiki-tiki-gu.